Tsitsi Likayamba Kuthothoka pa Msinkhu Wosiya Kusamba

AZIMAI ambiri a zaka za pakati pa 40 ndi 55 m'makomboni a ku Petauke ndi ku Nyimba ali ndi nkhawa imene saikamba poyera. Akapesa m'mawa, cipeso cimadzala tsitsi. Mizere ya mukule imene kale inali yothithikana imayamba kutakata, khungu la m'mutu n'kumaonekera. Ena amangomanga citambala tsiku lonse, ena amagula wigi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma kubisa mutu sikuciza. Kawirikawiri kucepa kwa tsitsi pa msinkhu umenewu kumadza ndi kusintha kwa thupi pamene mai ali pafupi kusiya kusamba, ndipo si matenda oopsa. Komabe pali zifukwa zina zimene zimabisala kumbuyo kwa msinkhu womwewu. Zina zimacizika mosavuta pa cipatala ca boma. Zina zikacedwa zimapha mizu ya tsitsi kotheratu. Cimene cimathandiza kusiyanitsa ndi kuyang'ana malo amene tsitsilo lacoka ndi mmene lacokera.

Manong'onong'o a m'komboni

M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anali kutenga anthu ambiri m'matauni a m'mbali mwa mseu wa Great East, anthu anazolowera kupima anzao ndi maso. Munthu akaonda, tsitsi lake n'kukhala lofewa ndi lapatalipatali, mlandu wake unali kugamulidwa pa pompi ndi pa cigayo iye mwini asanamve. Maganizo amenewo sanatheretu, ndipo ndico cifukwa cimodzi cimene azimai amabisira mitu yao ngakhale kwa amuna ao.

Ena amathamangira ku ufiti. Amati wina anatola tsitsi pa cipeso kapena pa saluni n'kukalicitira mankhwala. Apa abale amadana, anthu oyandikana nyumba amaleka kupatsana moni, ndipo ndalama za sukulu za ana zimathera kwa ng'anga.

Zoona zake n'zakuti palibe munthu angadziwe ndi maso ngati mnzake ali ndi kacilombo ka HIV. Kupima magazi ndiko kumanena, ndipo kupimako n'kwaulere. Kuyambira m'caka ca 2005 mankhwala a ARV amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Azimai ambiri amene anayamba kumwa mankhwalawa ali acitsikana tsopano afika pa msinkhu wosiya kusamba, ndipo tsitsi lao lingacepe pa cifukwa comwe ca azimai ena onse. Asasiye kumwa mankhwala ao poganiza kuti ndiwo alakwa. Ayambe afunsa ku kiliniki.

Cimene cimacitika m'thupi

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likunena kuti azimai ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Mai amawerengedwa kuti wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo. Koma kusinthako kumayamba zaka zingapo nthawiyo isanakwane. Msambo umadumphadumpha, mwezi wina wocepa, mwezi wina wocuruka. Thupi limatentha mwadzidzidzi, thukuta limatuluka usiku ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni, tulo timasowa, ndipo mtima umakwiya msanga.

Tsitsi nalo limamva kusinthaku. Mutu wa munthu uli ndi tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lili ngati munda umene mbeu zake sizica tsiku limodzi. Tsitsi lililonse limakula kwa zaka 2 mpaka 6, kenaka limapuma kwa miyezi ngati 3, n'kugwa, lina n'kumera pa muzu womwewo. Conco kutaya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku si matenda. Mai amene wamasula mutu umene unakhala wolukidwa mwezi wathunthu asadabwe kuona mulu wa tsitsi pa citenje. Limenelo ndi tsitsi la masiku onsewo limene linasowa pogwera.

M'thupi la mai muli mahomoni a cikazi, makamaka ochedwa oestrogen, amene amathandiza tsitsi kukhala nthawi yaitali likukula. Pa msinkhu wosiya kusamba mahomoni amenewa amacepa kwambiri. Mahomoni a cimuna, amene mai aliyense ali nao ocepa, amayamba kumveka mphamvu. Mizu ya tsitsi imanyala pang'onopang'ono, ndipo tsitsi latsopano limamera locepa thupi ndi lalifupi kuposa lakale. Kusintha komweku ndiko kumacititsa azimai ena kumera tindevu pa cibwano. Za ku mtundu nazo zimalowapo. Ngati amai kapena atate a munthu anali ndi tsitsi locepa kapena dazi, nayenso angathe kutengera.

Likacepa pakati pa mutu pang'onopang'ono

Uku ndiko kucepa kumene kumayendera limodzi ndi msinkhu. Kumatenga zaka. Mzere wogawa tsitsi pakati umanka nutakata, pamwamba pa mutu pamaoneka poyera, koma tsitsi la kutsogolo pa mphumi limatsala. Palibe kuwawa ndipo palibe zilonda. Munthu akayang'anitsitsa pa khungu amaona titsitsi tofewa tikadalipo. Si kawirikawiri kuti mai afike pokhala ndi dazi lenileni monga amuna. Mizu imakhala ikali ndi moyo, ndipo ndico cifukwa cake mankhwala ena amathandizako.

Likathothoka mutu wonse nthawi imodzi

Tsitsi likamacoka lambiri paliponse m'mutu m'masabata ocepa, cifukwa cake cimakhala cina. Thupi likakumana ndi cinthu cacikulu, monga malungo amphamvu, opareshoni, kutaya magazi ambiri, njala kapena cisoni ca maliro, tsitsi lambiri limaleka kukula nthawi imodzi. Siligwa pomwepo. Limagwa patapita miyezi 2 kapena 3. Mai amene anagonekedwa ndi malungo mu Febuluwale, mvula ili pakati, amadzaona tsitsi likugwa mu Meyi anthu akukolola, ndipo amakhala ataiwala kale za matenda aja. Tsitsi lotere limamera lokha. Pakatha miyezi 6 kapena caka mutu umabwerera mwakale.

Likapitiriza kuthothoka, cinthu coyamba kupima ndi magazi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti azimai 31 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Zambia anali ndi vuto la kucepa kwa magazi. Pa zaka zoyandikira kusiya kusamba vutoli limakula kwa azimai amene msambo wao wacuruka kapena umatenga masiku ambiri. Zotupa za m'ciberekero zochedwa mafaibroidi, zimene zimapezeka kwambiri pakati pa azimai a mu Africa, zimaonjezera kutaya magazi. Malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba ndi likodzo nazo zimadya magazi.

Zizindikiro zake ndi kutopa msanga, cizungulire, kupuma mwa befu pokwera kamtunda, mtima kugunda kwambiri, m'zikope ndi m'manja kuyera, ndiponso cilakolako cofuna kudya dothi. Kupima magazi sikutenga nthawi. Mapiritsi a ayironi amene amaperekedwa ku cipatala amafunika kumwa kwa miyezi itatu kapena kuposa, osati sabata imodzi. Amadetsa cimbudzi, koma zimenezo si zoopsa.

Cina cimene dokotala amaganizira ndi cithokomiro, kanthu ka pakhosi kamene kamayendetsa mphamvu za thupi. Cikagwira nchito mocepa, munthu amanenepa, amamva kuzizira, khungu limauma ndipo tsitsi limagwa. Cikagwira nchito mopitirira, munthu amaonda, amatuluka thukuta, manja amanjenjemera, mtima n'kumathamanga. Zizindikiro zimenezi zimafanana kwambiri ndi za kusiya kusamba, motero azimai ena amakhala nazo zaka osadziwa kuti pali mankhwala ake.

Likadyeka m'mphepete

Tsitsi likacoka m'mphepete mwa mphumi ndi pamwamba pa makutu, mlandu kawirikawiri umakhala wa kaluke. Kuluka kothina, kulumikiza tsitsi logula lolemera, kusokera wivi, kumata wigi ndi guluu ndiponso kumanga tsitsi kumbuyo mokoka, zonsezi zimazula mizu pang'onopang'ono. Madokotala amacha vutoli traction alopecia.

Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, katswiri wa matenda a khungu ku Cape Town m'dziko la South Africa, anapima anthu a m'komboni ya Langa ndipo zotsatira zake zinatuluka m'caka ca 2007. Anapeza kuti pafupifupi mai mmodzi pa azimai atatu alionse anali ndi vuto limeneli. Linali lalikulu kwambiri kwa amene anali kuluka kapena kusokera tsitsi logula pa tsitsi limene laikidwa kale mankhwala oongolera, aja ambiri amawacha rilakisa. Kaluke ndi mankhwala amene ali m'masaluni a ku Petauke ndi ku Nyimba ndi a mtundu womwewo.

Cizindikiro coyamba ndi ululu. Mai akacoka ku saluni nkhope itakokeka, akulephera kugona popanda kumwa Panadol, kapena timatuza tikatuluka m'mphepete mwa zingwe, ndiye kuti mizu ikuvulala. Mau akuti kukongola n'kupirira aononga mitu yambiri. Vutoli likadziwika msanga, kumasula ndi kupumitsa mutu kumabweza tsitsi. Likapitirira zaka, mizu imafa ndipo palibe mafuta amene angaidzutse.

Apa ndi pamene pali msampha kwa mai wa zaka za m'ma 40 ndi 50. Tsitsi lake lafooka kale cifukwa ca msinkhu. Pofuna kubisa pamene payera, amapita kukalukitsa zothina ndi zolemera kuposa kale. Mwezi ndi mwezi malo oyera amakula, ndipo iye amaonjezera kubisa.

Likacoka ndi kuyabwa kapena kuwawa

Mtundu uwu ndiwo wosafunika kucedwa nao. Umayambira pakati penipeni pa mutu n'kumafalikira mozungulira. Pamalopo pamayabwa, pamatentha kapena pamawawa munthu akakhudza, ngakhale kuti ena samva kanthu. Khungu limasalala n'kumanyezimira ngati cipsera, timaenje ta tsitsi osaonekanso. Matendawa amagwira makamaka azimai akuda, ndipo pa kafukufuku wa ku Langa uja anapezeka kwambiri mwa azimai opitirira zaka 50. M'caka ca 2019 akatswiri, pakati pao Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban, anaonetsa kuti ena mwa odwala matendawa amacita kubadwa nao m'magazi a ku mtundu. Kutentha tsitsi, mankhwala oongolera ndi kukoka kungathe kuwakulitsa.

Pamene pacita cipsera tsitsi silimeranso. Nchito ya dokotala ndi kuzimitsa kutupa kwa m'khungu ndi mankhwala odzola, akumwa kapena obaya, kuti matendawo asafike pa tsitsi lotsala. Popeza poyamba amafanana ndi kucepa wamba kwa msinkhu, mai aliyense amene pakati pa mutu wake payera ndipo pakuyabwa kapena kuwawa apite akaonetse.

Palinso zina zimene sizikhudzana ndi msinkhu. Cipere cimasiya malo ozungulira a mfundu ndi tsitsi loduka, ndipo cimafuna mankhwala akumwa. Cindoko cikakhalitsa m'thupi cimathothola tsitsi apa ndi apo ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo cimacira ndi jekeseni, mai ndi bambo onse awiri. Mankhwala a khansa nao amagwetsa tsitsi, koma limamera akatha.

Kopita ndi zokanena

Poyambira ndi pa kiliniki ya pafupi. Kucokera pamenepo wodwala angatumizidwe ku cipatala ca boma ca Petauke, ku Kalindawalo General Hospital, ku cipatala ca mishoni ca Minga kapena ku cipatala ca boma ca Nyimba. Zikafunika, pali St Francis ku Katete ndi Chipata Central Hospital. Akatswiri a matenda a khungu ndi ocepa m'dziko muno ndipo ambiri ali ku Lusaka, monga pa UTH, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kucoka ku Petauke. Koma kupima magazi, cindoko, HIV ndi malungo sikufuna ulendo wotere.

Popita, mai amasule tsitsi ndipo avule wigi kuti khungu lioneke. Afotokoze mwezi umene anasamba komaliza, masiku amene msambo umatenga ndi kucuruka kwake, matenda kapena maliro amene anamugwera m'miyezi yapitayo, mankhwala onse amene akumwa kuphatikizapo a kulera, a BP, a shuga ndi a cikuda, ndiponso zimene amaika m'mutu. Safunsa anadya phula.

Ulendo womwewo ndi mpata wokamba zina zazikulu kuposa tsitsi. Mai amene wasiya kusamba caka cathunthu kenaka n'kuonanso magazi, kapena amene amaona magazi akakhala malo amodzi ndi amuna ake, asadikire. Zambia ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la ciberekero imapha azimai ambiri. Nchito yopima khansayi inayamba m'caka ca 2006, ndipo m'zipatala za boma kupimako n'kwaulere. Cinanso, msambo ukamadumpha sindiye kuti mai sangaime. Madokotala amalangiza kupitiriza njira ya kulera kwa zaka 2 kucokera pa msambo womaliza ngati mai sanakwanitse zaka 50, ndi caka cimodzi ngati wapitirira.

Za mankhwala ogula

Mankhwala odzola m'mutu amene atsimikizidwa kuti amathandiza pa kucepa kwa tsitsi kwa msinkhu ndi minoxidil. Amagulidwa ku famasi. Amafuna kudekha, pakuti kusintha kumaoneka pakatha miyezi 4 mpaka 6, ndipo m'masabata oyamba tsitsi lingathothoke kwambiri lisanayambe kumera. Sabweza tsitsi lonse la pa utsikana, ndipo munthu akawasiya, limene linamera limagwanso. Conco banja liwerengere mtengo wake lisanayambe. Mai woyembekezera kapena woyamwitsa asagwiritse nchito. Pa cipsera sagwira.

Mafuta a nsatsi, a kokonati ndi ena amafewetsa tsitsi kuti lisaduke popesa, koma sameretsa pamene mizu yafa. Mabotolo ogulitsidwa m'mabasi, pa msika ndi pa WhatsApp olonjeza tsitsi m'masiku 14 amangotha ndalama, ndipo ena amaocha khungu. Mankhwala enieni agulidwe m'masitolo ovomerezedwa ndi bungwe la ZAMRA, limene limayang'anira mankhwala m'Zambia. Palinso mankhwala obwezera mahomoni amene amathandiza azimai ovutika kwambiri ndi kutentha thupi ndi kusowa tulo, koma saperekedwa cifukwa ca tsitsi lokha, ndipo dokotala ndiye amaona ngati ali oyenera kwa munthuyo.

Zakudya zili pakhomo

Tsitsi limafuna zakudya zomanga thupi ndi zoonjezera magazi, ndipo zambiri zimalimidwa konkuno. Petauke ndi kwao kwa nshawa. Ndiwo za bondwe, cibwabwa kapena cigwada zotendera nshawa, kayera, nyemba ndi nzama, zonsezi zimathandiza. Ayironi amene thupi limatenga mosavuta ali m'ciwindi, nyama ya mbuzi, nkhuku, mbewa, kapenta ndi nsomba zouma monga zija za pa ulalo wa Luangwa. Mazira nao ndi abwino.

Zipatso monga masau, malambe, magwafa, malalanje ndi mandimu zikadyedwa pamodzi ndi cakudya zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo zamasamba. Tiyi amacita zosiyana, amatsekereza. Ndi bwino kumwa tiyi patapita ola limodzi munthu atadya. Nthoci za ku Nyimba n'zabwino ku thupi, koma pazokha sizionjezera magazi. M'mabanja ambiri mai ndiye amagawa ndiwo, ndipo ndiye amatsala ndi msuzi wokha. Pa msinkhu umenewu mbale yake iyenera kukhala ndi nthuli ngati ya wina aliyense.

Pa saluni ndi pa nyumba

Oluka tsitsi ndiwo amayamba kuona mutu wa kasitomala, nthawi zina mwini wake asanadziwe. Woluka wanzeru amauza kasitomala wake mwaulemu ndi mwamseri, ndipo amakana kukoka pamene payamba kudyeka. Kuluka kusawawe, ndipo kukawawa kumasulidwe tsiku lomwelo. Zingwe zikhale zopepuka, zisapitirire masabata 6 mpaka 8, ndipo mutu upume usanalukidwenso. Mankhwala oongolera asaikidwe pafupipafupi, papite masabata 8 kapena kuposa, aikidwe pa tsitsi longomera kumene, ndipo pasalukidwe kufikira patatha masabata awiri. Akayamba kuocha atsukidwe msanga. Cipeso ca moto cicepe. Wigi ikhale yomasuka, yopanda guluu, ndipo ivulidwe pogona. Mankhwala akuda obisira imvi ayambe ayesedwa pang'ono kuseri kwa khutu, pakuti ena amatupa nao. Azimai ambiri apeza kuti kumeta tsitsi lalifupi kumapumitsa mutu ndi thumba lomwe.

Abambo ali ndi mbali yao. Mai amene usiku wonse sanagone ndi thukuta, m'mawa n'kuona tsitsi pa pilo, safunika nthabwala kapena kuyerekezedwa ndi atsikana. Afunika ndalama ya ulendo wa ku cipatala ndi munthu womuperekeza.

Alangizi amaphunzitsa namwali za msambo woyamba ndiponso mkwatibwi za banja, koma za msambo womaliza mai amangozipeza yekha. Magulu a Cigwirizano, a Nazareti, a cilimba ndi ena amene amasonkhana sabata ndi sabata angathe kuitana namwino wa pa kiliniki kuti adzakambe nkhani imeneyi. Tsiku la 18 Okutobala caka ciliconse linapatulidwa pa dziko lonse kuti anthu azikambirana za kusiya kusamba, ndipo magulu otere angayambire pamenepo.

Mai amene tsitsi lake layamba kucepa atenge kalirole, kapena apemphe mwana wake wamkazi kuti amujambule pamutu ndi foni pa kuwala kwa dzuwa, n'kubwereza pakatha miyezi itatu. Ngati lacepa pakati popanda ululu, ndi msinkhu, ndipo angasankhe kugula mankhwala kapena kulisiya. Ngati lathothoka paliponse, akapimitse magazi. Ngati ladyeka m'mphepete, amasule zingwe. Ngati pakuyabwa, pakuwawa kapena pakunyezimira, apite ku cipatala sabata yomweyo.